Moyo wa Clements Kadalie, Mwana wa ku Chifira

Msewu umene udutsa pano pa Msongwe kutsikira ku Nkhata Bay ndiwo njira ya kwawo kwa munthu amene ndifuna kukusimbirani mbiri yake. Mukayandikira kunyanja ndi kukhotera kummwera, kupitirira Chintheche, mudzafika pa Bandawe, ndipo pafupi pomwepo pali mudzi wa Chifira. M'mudzi umenewo ndimo anabadwira Clements Kadalie m'mwezi wa Epulo chaka cha 1896. Ambiri a ife tidziwa za John Chilembwe, pakuti nkhope yake tiiona pa ndalama, koma dzina la Kadalie limveka kwambiri ku South Africa koposa kuno kwawo, chifukwa kumeneko ndiko anagwira ntchito yake, ndiko anatchuka, ndiko anagwa, ndipo manda akenso ali komweko. Ine ndasankha iyeyu chifukwa pa moyo wake ndiona poyera chinthu chimodzi chimene ndiyesa chitikhudza tonse, ndicho chakuti mphatso imene ikweza munthu ikhoza kumgwetsanso, ngati mwini wake akhulupirira mphatso yokhayo ndi kuleka kuphunzira zina.

Dzina lake la pa ubwana linali Lameck Koniwaka Kadali Muwamba. Anali Mtonga, mdzukulu wa mfumu Chiweyu. Masiku amenewo mzinda wathu wa Mzuzu kunalibe. Anthu ofuna nzeru za sukulu anali kuyang'ana ku Bandawe, kumene amishoni a ku Scotland anakhazikika m'chaka cha 1881, ndi ku Khondowe, kumene Dotolo Robert Laws anatsegula sukulu yaikulu ya Livingstonia m'chaka cha 1894. Bambo wake anamwalira iye akali mwana, koma mnyamatayo sanaleke sukulu, napitirira mpaka anakafika ku Khondowe. Kumeneko anaphunzira Chingerezi, masamu, Baibulo ndi kaphunzitsidwe ka ana, ndipo pofika zaka 16 anali atatsiriza maphunziro a uphunzitsi. Taganizirani, anzanga, pa msinkhu umene ambiri a ife tili nawo lero, iye anali atayamba kale kuimirira pamaso pa ana ndi kutchedwa mphunzitsi.

Uphunzitsiwo sanakhale nawo nthawi yaitali. Malipiro m'Nyasaland anali ochepa ndithu, msonkho wa nyumba unali kufunidwa chaka ndi chaka, ndipo mnyamata wodziwa Chingerezi analibe pokwera koposa kukhala mphunzitsi wa m'mudzi kapena kalaliki wa pa boma. Amuna ambiri a m'mphepete mwa nyanja anali atapita kale ku Halale ndi ku Joni kukafuna ntchito. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Tsono kumayambiriro kwa chaka cha 1915, chaka chomwe Chilembwe anaukira Azungu ku Chiradzulu, Kadalie ananyamuka ulendo wapansi kunka kummwera. Anagwira ntchito pang'ono pa munda wa thonje ku Mozambique, napitirira ku Southern Rhodesia, dziko limene lero litchedwa Zimbabwe, kumene analembedwa ukalaliki pa mgodi wa Shamva, ndipo pambuyo pake anakakhala ku Bulawayo.

Pa mgodi ndi pamene anaphunzira zimene ku Khondowe sanamphunzitse. Kalaliki akhala pakati: Mzungu ali pamwamba, anthu okumba ali pansi, ndipo iye ndiye alemba mayina awo, masiku awo ndi ndalama zawo. Chifukwa cha ichi Kadalie anaona ndi maso ake kuchepa kwa chakudya m'makomboni, chikoti cha akapitawo, ndi anthu a chibalo amene sanali kuloledwa kuchoka nthawi yawo isanakwane. Makalaliki ena ambiri a kuno kwathu anaona zomwezo, nakhala chete, natumiza ndalama kumudzi, ndipo ine sindiwaweruza, pakuti anali ndi ana owadyetsa. Koma Kadalie anali ndi mtima wosalola kunyozedwa, ndipo mtima umenewo unamchititsa kuti asakhalitse pa ntchito iliyonse.

M'chaka cha 1918 anafika ku Cape Town, kumene kunali mkulu wake Robert. Tsiku lina ali kuyenda ndi anzake mumsewu wa Darling, wapolisi wachizungu anamkankha kumchotsa m'kanjira ka m'mbali mwa msewu moyenda anthu apansi. Zotere zinali kuchitikira anthu akuda tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri anali kungopukusa mutu ndi kupitirira. Kadalie sanatero. Mzungu wina dzina lake A. F. Batty, munthu wa ndale zokomera antchito, anaona zimene zinachitikazo, naima kumbali ya mnyamatayo, ndipo ubwenzi wawo unayambira pomwepo. Batty ndiye anamlimbikitsa kusonkhanitsa antchito. Pa 17 Januwale 1919 anthu 24, ambiri a iwo ogwira ntchito padoko, anakumana nayambitsa bungwe lotchedwa Industrial and Commercial Union, mwachidule ICU, ndipo Kadalie anakhala mlembi wake. Anali ndi zaka 22 zokha.

Apa ndifuna tiime pang'ono, tione nzeru ya munthuyu. Mabungwe a antchito analipo kale ku South Africa, koma ambiri anali a Azungu okha, ndiponso ambiri anali a anthu a luso limodzi, amisiri a matabwa paokha, a makina paokha. Kadalie ndi anzake anatenga nzeru imeneyi naisula mwatsopano, monga wosula atenga khasu lakutha ndi kulisandutsa mpeni. Bungwe lawo linatsegula khomo kwa aliyense wogwira ntchito: wonyamula katundu padoko, wa panjanje, wophika m'nyumba ya Mzungu, wolima pafamu, Mxhosa, Mzulu, Msuthu, Mkaladi, mwamuna ndi mkazi yemwe. Ndiyesa kuti ulendo wake womwe unamthandiza pa ichi. Popeza sanali wa mtundu uliwonse wa m'dzikomo, panalibe mtundu woti n'kunena kuti bungweli ndi la enawo, si lathu. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Munthu wopanga chinthu chatsopano kawirikawiri achita chomwechi: aona chinthu chimene chilipo kale, nazindikira ntchito ina imene eni ake sanaiganizire.

M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho cha 1919 antchito a padoko pafupifupi 2,000 ananyanyala ntchito kwa masabata awiri. Anali kufuna malipiro abwino, ndiponso anakana kukweza zakudya m'sitima zopita kunja pamene mitengo ya zakudya m'dzikomo inali itakwera. Sitirakayo inatha asanalandire zonse zimene anafuna, koma chaka chotsatira makampani otsitsa katundu m'sitima anakweza malipiro, ndipo dzina la ICU linayamba kumveka kutali. Boma silinakondwere. M'mwezi wa Novembala 1920 linalamula kuti Kadalie achotsedwe m'dziko monga mlendo wosafunika, koma abwenzi ake anamenyera nkhondo mlanduwo mpaka lamulolo linafafanizidwa. Ntchito imeneyi sinali yosewera nayo, pakuti mwezi umodzi m'mbuyomo, ku Port Elizabeth, anthu oposa 20 anaphedwa ndi mfuti pamene khamu linapita ku polisi kukapempha kuti mtsogoleri wawo Samuel Masabalala amasulidwe.

Komabe m'chaka chomwecho cha 1920 munaoneka kanthu kena kamene tiyenera kukasunga m'mutu. M'mwezi wa Julaye atsogoleri a antchito a m'madera osiyanasiyana anasonkhana ku Bloemfontein kuti apange bungwe limodzi la dziko lonse. Selby Msimang anasankhidwa kukhala mtsogoleri, ndipo Kadalie, amene anali kuyembekeza ulembi, sanasankhidwe. Anabwerera ku Cape Town ndi anthu ake ali wokwiya, ndipo mgwirizanowo unalimba pokhapokha iye atakhala mlembi wamkulu m'chaka chotsatira. Mtima uja wosalola kunyozedwa, umene unamuimiritsa pamaso pa wapolisi, ndi womwewo umene unamkaniza kukhala wachiwiri pakati pa abale ake.

Chimene ine ndichitamanda kwambiri pa zaka zimenezi ndi khama lake lodziphunzitsa yekha. Sanayese kuti za ku Khondowe zamkwanira. Anaphunzira luso la kulankhula pamaso pa anthu, nawerenga mabuku ndi manyuzipepala a maiko akutali, nayamba kulemba. M'chaka cha 1923 bungwe lake linayambitsa nyuzipepala yotchedwa Workers' Herald, ndipo iye mwini analembanso nkhani m'magazini ya anthu akuda a ku New York yotchedwa The Messenger. Zinenero za m'dzikomo sanali kuzidziwa bwino, kotero pa misonkhano anali kulankhula Chingerezi, ena namasulira, koma ngakhale zinali tero anthu zikwizikwi anali kuima padzuwa kumvera mawu ake. Mawuwo anafika ndi kuno komwe. M'chaka cha 1926 Isa Macdonald Lawrence anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka zitatu chifukwa cholowetsa m'Nyasaland Workers' Herald pamodzi ndi nyuzipepala ya Marcus Garvey, ndipo m'chaka cha 1927 Robert Sambo, munthu wa kuno kumpoto, anayambitsa nthambi ya ICU ku Bulawayo, boma la kumeneko lisanamthamangitse.

Sikuti zonse anaziona bwino. Pa chisankho cha 1924 Kadalie anakometsa chipani cha General Hertzog, poyesa kuti mdani wa boma limene linali kuwazunza adzakhala bwenzi lawo. Hertzog atapambana, boma lake linayamba kuchotsa anthu akuda pa ntchito zina, makamaka za panjanje, ndi kuikapo Azungu osauka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma bungwe linakulirakulirabe, ndipo likulu lake linasamukira ku Johannesburg. M'chaka cha 1926 boma linamletsa kulowa m'chigawo cha Natal. Iye anakwera sitima napita ku Durban, nalankhula kwa anthu, namangidwa, ndipo pamene mlandu unafika ku bwalo lalikulu, iye ndiye anapambana. Nkhani imeneyi inawanda ngati moto wa m'tchire.

Chaka cha 1927 ndicho chinali pamwamba penipeni pa moyo wake. Anthu okhala pa mafamu a Azungu ku Natal, ku Transvaal ndi ku Orange Free State, amene anali kulandidwa minda ndi ng'ombe, analowa m'bungwe mwaunyinji, aliyense nalandira kakhadi kofiira. Mamembala anafika cha m'ma 100,000, chinthu chimene bungwe lililonse la anthu akuda m'dzikomo linali lisanachione. Zilembo zitatu zija, pozitchula m'Chingerezi, zimveka ngati munthu akuti ndikukuona, ndipo anthu anali kuzimasulira kuti tsopano alipo wina woona zimene Mzungu awachitira. M'chaka chomwecho Kadalie anapita ku Ulaya. Anafika ku Geneva pa msonkhano wa za antchito wa maiko onse, ngakhale boma silinamtume, nayenda ku Britain kulankhula kwa atsogoleri a antchito. Mnyamata uja wochoka ku Chifira wapansi anali tsopano kulandiridwa m'mizinda ya Azungu monga mtsogoleri.

Akulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame. Pamene iye anali ku Ulaya, nyumba inali kung'aluka kumbuyo. Adani akunja analipo ndithu: eni mafamu anali kupirikitsa aliyense wopezeka ndi kakhadi kofiira, Azungu ena anaononga maofesi a bungwe m'matauni a ku Natal, ndipo lamulo latsopano la 1927 linapatsa boma mphamvu yozenga mlandu aliyense wolankhula mawu amene ilo liyesa kuti autsa chidani pakati pa mitundu. Koma matenda ena anali a m'kati. Anthu osauka anali kupereka masheleni awo poyembekeza kuti bungwe lidzawapezera minda, ndipo bungwe linalibe njira yokwaniritsira zimenezo. Ndalama zambiri zinathera kwa maloya, ku magalimoto ndi ku malipiro a akuluakulu, zina zinangosowa, ndipo mabuku a ndalama sanali kulembedwa bwino. M'mwezi wa Disembala 1926 Kadalie anali atachotsa m'bungwe atsogoleri a chipani cha Komyunisiti, monga James La Guma ndi John Gomas, amene ena mwa iwo ndiwo anali kufunsa za kayendetsedwe ka ndalama. Olemba mbiri anenanso kuti iye mwini anayamba kukonda mowa ndi moyo wapamwamba.

Kugwa kunadza msanga. M'chaka cha 1928 A. W. G. Champion, mtsogoleri wa nthambi ya Natal imene inali yaikulu ndi yolemera koposa zonse, anaimitsidwa pa nkhani ya ndalama, ndipo anthu ake anapatuka napanga bungwe lawolawo lotchedwa ICU yase Natal. M'mwezi wa Julaye chaka chomwecho kunafika William Ballinger wochokera ku Scotland, amene anaitanidwa kudzathandiza kukonza zinthu. Iye anapeza thumba lopanda kanthu ndi ngongole zambiri, ndipo posakhalitsa anayambana ndi Kadalie. M'mwezi wa Januwale 1929 Kadalie anachoka m'bungwe limene analiyambitsa yekha zaka 10 m'mbuyomo, napanga lina laling'ono lotchedwa Independent ICU. Amene anapwetekedwa koposa sanali atsogoleriwo. Anali anthu aja a pa mafamu, amene ena anachotsedwa pa malo awo chifukwa cha kakhadi kofiira, natsala opanda munda, opanda bungwe.

Ambiri posimba mbiri ya Kadalie alekezera pamenepa, koma iye anakhalabe ndi moyo zaka 22 zina, ndipo ine ndiyesa kuti zaka zimenezo zili ndi phunziro lawo. Anakakhazikika ku East London. M'mwezi wa Januwale 1930 anatsogolera sitiraka yaikulu ya antchito a panjanje ndi padoko mumzindamo, namangidwa, nakhala m'ndende miyezi iwiri. Pambuyo pake dziko linamuiwala. Munthu amene analankhulapo ku Geneva anali tsopano kuthandiza anthu a m'lokeshoni pa nkhani za lendi, za zitupa ndi za malipiro, nalera ana ake pamodzi ndi mkazi wake Eva. M'zaka zimenezo anakhala pansi nalemba mbiri ya moyo wake, ngakhale panalibe wofuna kuisindikiza. M'chaka cha 1951 anabwera kudzaona kwawo, patapita zaka 36 chichokereni, ndipo atangobwerera ku East London anamwalira pa 28 Novembala chaka chomwecho, ali ndi zaka 55. Buku lake, My Life and the ICU, linasindikizidwa ku London m'chaka cha 1970, mwini wake atagona m'manda zaka 19.

Tsono tinene chiyani za munthu wotereyu? Ena amtcha ngwazi, ena amtcha wodzikonda, ndipo ine ndiona kuti onsewo anena zoona, pakuti munthu si chinthu chimodzi. Kulimba mtima kwake ndi kudzikuza kwake zinamera pa muzu umodzi. Akanakhala wofatsa, akanachoka m'kanjira kaja mwakachetechete, ndipo ICU sikanabadwa. Koma kuyambitsa chinthu ndi luso lina, kuchisunga ndi luso linanso. Kuyambitsa kufuna lilime, changu ndi kusaopa. Kusunga kufuna zinthu zosaoneka bwino pamaso pa anthu: kulemba tambala iliyonse m'buku, kumvera munthu wokutsutsa, kulola mnzako akhale pa mpando, ndi kusalonjeza chimene sungathe kupereka. Kadalie anadziphunzitsa zoyambazo ndi khama lalikulu, koma zachiwirizo anaziyesa zazing'ono, ndipo amene akanamthandiza pa zimenezo anawakankhira kunja. Mutu umodzi susenza denga.

Ndilemba izi podziwa kuti pakati pathu alipo otere. Alipo amene akaimirira pa mtsutso, holo yonse iti zii. Alipo odziwa kulemba ndakatulo, oimba, ojambula, ndi ena amene anzawo angowatsata popanda kuuzidwa. Alipo amene asankhidwa kusunga ndalama za kalabu, zimene anzawo apereka atadzimana chakudya cha masana. Ndiponso ambiri a ife tili ndi achimwene ndi amalume amene anatsata njira yomwe ija ya ku Joni, ndipo ena a ife tidzaitsata. Kwa aliyense wa ife funso lili limodzi: chimene ndichidziwa bwino ndachiona, nanga chimene chindivuta ndiyamba liti kuchiphunzira? Wodziwa kulankhula aphunzire kumva, wochenjera pa masamu aphunzire kulankhula, ndipo wotsogolera afunefune bwenzi losaopa kumuuza kuti apa walakwa, namsunge bwenzi limenelo ngati diso.

Ndi zofooka zake zonse, Kadalie anasiya kanthu kosafafanizika. Iye asanabwere, ambiri anali kuyesa kuti wantchito wakuda sangathe kugwirizana ndi mnzake wa mtundu wina. Iye atapita, panalibenso woyesa tero, ndipo mabungwe a antchito amene anadzathandiza kugwetsa tsankho ku South Africa amwerengera iye pakati pa makolo awo. Mdzukulu wake Rhoda Kadalie, amene anamwalira m'chaka cha 2022, anatumikira m'bungwe loona za ufulu wa anthu m'dzikomo tsankho litatha. Tiyeni, anzanga, titengeko kulimba mtima kwake ndi khama lake lodziphunzitsa, ndipo pamene iye anapunthwa, ife tiyang'ane pansi poyenda.

Wophunzira wa Fomu 4, Msongwe